Kamwana ka kavalo kopanda make: ndikalere ngati mwana wa ng'ombe?

Wa ku Chigumula:
Akuluakulu, thandizeni nzeru. Pafamu ina cha ku Chileka kavalo wafa, wasiya kamwana ka masabata atatu, ndipo eni ake akuti ndikatenge poti alibe wokasamala. Ndi kowonda, mwina makilogalamu 60. Ng'ombe zamkaka ndi mbuzi ndili nazo. Ndingokapatsa mkaka wa ng'ombe ndi madeya monga timachitira ndi ana a ng'ombe?

Mlangizi wopuma:
Achimwene, nzeru za khola la ng'ombe zisiyeni pakhomo, zikaphetsa. Choyamba funsani ngati kanayamwa mkaka woyamba uja wachikasu tsiku lobadwa. Pakadutsa maola 24 matumbo salandiranso chitetezo cha mumkakamo, ndiye ngati sikanayamwe, dokotala wa ziweto akaone msanga. Mchombo wotupa kapena mawondo otentha ndi chizindikiro choti majeremusi alowa m'magazi.

Mkaka wa kavalo uli ndi mafuta ochepa koma shuga wambiri. Wa ng'ombe ndi mosemphanitsa, n'chifukwa chake umatsegula m'mimba. Uwiritseni, uzizire, muyengule mafuta apamwamba, kenako muthire magalamu 20 a gulukosi pa lita iliyonse. Gulukosi, osati shuga wa mu tiyi: kamwana ka msinkhu umenewu sikatha kumugaya. Wa mbuzi umalandirika bwino, kungoti mbuzi zathu zakumudzi sizingakwanitse, chifukwa kolemera makilogalamu 60 kamafuna malita 12 mpaka 15 patsiku. Musayambire pamenepo. Yambani ndi malita 6, muziwonjezera pang'onopang'ono kwa sabata imodzi mukuyang'ana ndowe. Maola awiri kapena atatu aliwonse, usiku womwe, mkaka uli wofunda ngati thupi.

Kaphunzitseni kumwera mu beseni: viikani zala mumkaka, kayamwe, muzitsitsa dzanja mpaka mlomo ukhudze mkaka. Botolo lomwetsa mutu utapenya kumwamba limalowetsa mkaka m'mapapo, mawa lake chibayo.

Mayi wa ku Bvumbwe:
Ndionjezere pa madeyapo, bambo. Ali ndi mchere wa phosphorus wambiri, koma calcium, mchere wolimbitsa mafupa, wochepa. Kavalo wokulira madeya mafupa ake amafewa, nkhope imatupa, amatsimphina. Ikani udzu wabwino wouma pafupi, lucerne (mbewu yamasamba yodyetsa ziweto) ngati mwapeza, madzi oyera ndi mchere wonyambita, kazitolatola kokha. Kusiyitsa mkaka ndi pa miyezi inayi kapena isanu.

Ndipo chakudya cha nkhuku kapena cha ng'ombe cha m'matumba chisayandikire. China chimakhala ndi mankhwala otchedwa monensin, amene amawononga mtima wa kavalo ngakhale atangodya pang'ono. Chimanga chachuku chimawononga ubongo. Kavalo sasanza, chalowa chalowa.

Wa ku Chigumula:
Zikomo kwambiri. Nanga nkhupakupa? Dibi wa ng'ombe ndili naye kale.

Wosula ziboda:
Ayi ndithu, werengani kaye pabotolo! Ngati palembedwa amitraz, musakapopere. Mankhwala amenewo amaimitsa matumbo a kavalo: amapalasa pansi, kuyang'ana m'mimba, kugubuduzika, ndowe osatuluka, ena amafa. Nkhupakupa zichotseni ndi manja tsiku ndi tsiku, pansi pa mchira ndi m'makutu, ndipo wa ziweto akusankhireni mankhwala olembedwa kuti ndi a akavalo. Nkhupakupazo zimafalitsa matenda otha magazi. M'kamwa mukayera kapena kuchita chikasu, musadikire.

Choopsa china kuno ndi nthenda yopha akavalo yotchedwa African horse sickness, yofala ndi tintchentche ting'onoting'ono toluma madzulo ndi m'bandakucha, makamaka dzinja likamapita kumapeto. Kazilowa m'khola dzuwa lisanalowe, kazituluka litakwera. Katemera amachokera ku Onderstepoort ku South Africa, jekeseni ziwiri zotalikirana masabata atatu, ndipo nthawi yoyambira imadalira ngati make anabayidwa, choncho funsani eni ake. Za kafumbata ndi chiwewe mukambiranenso ndi dokotala tsiku lomwelo. Agalu achiwewe mu Blantyre muno si nkhani yachilendo. Mankhwala a njoka zam'mimba, fenbendazole, pa miyezi iwiri kapena itatu.

Mpanda wa waya waminga chotsani. Ng'ombe imaima ikakodwa, kavalo amalimbana nawo mpaka kung'amba mwendo. Ziboda zisengedwe masabata 6 mpaka 8 aliwonse.

Mlangizi wopuma:
Musanakakweze pagalimoto, tengani kalata yosamutsira chiweto ku ofesi ya za ziweto, ndipo eni ake alembe kuti akupatsani, mboni zisainire. Kunyumba kasakhale kokha, kaikeni ndi mbuzi yofatsa kapena bulu wamkulu. Ana asamasewere nako zolumana ndi zokankhana: kakazolowera kuona munthu ngati mnzake, pofika makilogalamu 400 kadzamenya theche munthu wobweretsa udzu.