Utoto wa dothi ungagwire bwanji pansalu?

Abale anga a ku Dedza kuno ndithandizeni. Ine ndimajambula pamanja, kope ndi pensulo sizichoka mchikwama, olo mu minibasi ndimangojambula amayi ogulitsa kachewere pa Bembeke paja. Pano ndikufuna kupenta nthano za agogo, za Kalulu ndi Fisi, koma osati ndi penti wa mushopu ayi. Ku Chongoni, kuphiri la Mphunzi, ndinaona zojambula zoyera zija za makolo athu Achewa ndi zofiira za Akafula, mpaka lero zikadalipo pamwala! Nde dothi loyera ndi katondo mumasakaniza ndi chani kuti zigwire pansalu? Ndi madzi okha zikumangoyoyoka zikauma. Komanso ngati mukudziwa agogo odziwa nthano cha ku Linthipe kapena ku Mua mundiuze chonde, ndikawapeza konko.