Nkhanambo pamsana pa ng'ombe, ivermectin wakanika

AVO (mlangizi wa za ziweto) wa ku East Bank, kum'mawa kwa mtsinje wa Shire: Akuluakulu ndithandizeni, mutu waima. Khola lina kuno ng'ombe zatuluka nkhanambo pamsana ndi m'khosi, zina mpaka kubere. Ubweya wamatana timagulu timagulu ngati bulashi yopentera. Mwini wake anagula yekha ivermectin, mankhwala a njoka za m'mimba ndi mphere, nkubaya, sizinasinthe, ndiye wapakanso oyilo wakuda wa galimoto. Pano akuti dokotala chitanipo kanthu lero lomwe. Khola ndi matope okhaokha, maikulosikopu ndilibe. Ndiyambire pati?

Madala a ku Ngabu: Lumpy ameneyo, matenda a zotupa pakhungu aja (lumpy skin disease). Mvula ngati ino, udzudzu wa ku Elephant Marsh, mukufunanso umboni wanji?

Mayi Dokotala, Nchalo: Madala dikirani kaye. Achimwene, mwayeza kutentha? Lumpy imabwera ndi thupi lotentha, ng'ombe imasiya kudya, misozi ndi mamina, mwanabele wa kutsogolo kwa phewa amatupa. Zotupa zake ndi zozungulira, zolimba, zolowa m'khungu lonse, osati zokhala pamwamba. Valani magolovesi muzule nkhanambo imodzi. Ikachoka ndi ubweya wake, kunsi kwake kuli kolowa m'kati, pakhungu nkutsala pofiira ponyowa, ganizani za dermatophilosis, nthenda ya pakhungu ya mabakiteriya ija anzathu a ku Zambia amati senkobo. Kwezaninso mchira, onani kubere ndi m'khwapa ngati muli nkhupakupa zamawangamawanga zija, Amblyomma. Matendawa amayenda nazo.

AVO wa ku East Bank: Kutentha 38.8, zikudya bwinobwino, sizikudzikanda kwenikweni. Nkhupakupa ndiye musanene, dibi anasiya kalekale.

Madala a ku Ngabu: Mwayeza zingati? Lumpy kutentha kumatsika, zotupa nkutsala. Ine ntchitoyi ndinayamba ena muli ku pulayimale.

Wa ku Bangula: Mwandikumbutsa chaka cha namondwe Freddy, 2023. Madzi ataphwa ng'ombe zinaunjikana kumtunda, khola limodzi munali zonse, chipere pa matole, mphere pa mbuzi, nkhanambo pa zikuluzikulu. Mlimi wina anasambitsa mbuzi ndi mankhwala opopera thonje, tinafika zikuchita thovu kukamwa. Kuno kwathu botolo lililonse lotsala ku thonje limasanduka la ziweto.

Mayi Dokotala, Nchalo: Ndiye chake musathamangire jakisoni. Oyiloyo wabisa zambiri, sankhani ng'ombe yomwe sanaipake. Nkhanambo ikani mu envelopu ya pepala, mu pulasitiki zimachita nkhungu ndi kutentha kwa kunoku. Palaninso ndi lumo m'mphepete mwa bala mpaka timagazi tioneke, apo ayi nthata za mphere simuzipeza. Ku labu akathira utoto wa Giemsa, mabakiteriya a dermatophilus amaoneka mizere iwiriiwiri. Pakakhala timatuza tolimba finyani kamodzi, mafinya okhuthala achikasu amaloza ku nthata za demodex.

Ikakhala senkobo, jakisoni wa oxytetracycline LA (wokhalitsa m'thupi), 20 mg pa kilo iliyonse ya kulemera kwa ng'ombe, amathandiza, koma nkhupakupa zikatsala ndi khola likakhalabe lonyowa, ibweranso. Muuzeni za mkaka ndi nyama, awerenge masiku olembedwa pabotolo asanagulitse. Ndipo anyamata oweta asamazule nkhanambo ndi manja, imagwiranso anthu.

Madala a ku Ngabu: Oxytet yemweyo ndi amene timabaya pa lumpy kuti mabala asaole. Ndiye tikukanganiranji? Lumpy basi.

Mayi Dokotala, Nchalo: Tikukangana chifukwa lumpy ndi nthenda yoyenera kuperekera lipoti ku boma, madala. Mukalemba dzina limenelo nkhani ya katemera ndi zilolezo zoyendetsera ng'ombe imayamba, anthu a malonda akukuonani.

Wa ku Chapananga: Pepani kulowerera. Ng'ombe zoyera mwaziona? Ngati zikusupuka malo oyera okhaokha, funsani ngati sizikudya chitsamba cha lantana. Dzuwa la kuno silichedwa kusenda chikopa.

Wa ku Bangula: Achimwene onaninso m'kamwa ndi m'ziboda musanachoke pakholapo. Chigwa cha Shire chino ndi cha matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'ziboda (foot and mouth), njati za ku Lengwe zomwe zimasunga matendawa si zapatali.

Madala a ku Ngabu: Tumizani chithunzi cha phewa ndikuonetseni mwanabele.

Wa ku Chapananga: Zina, alipo amene ali ndi amitraz wophera nkhupakupa wotsala? Kuno watha sabata yatha, mtengo wa m'mashopu alimi akuthawa.