Mfuko, apumbwa ndi kadzidzi: kadimba kanga ndikatchinjirize bwanji?

Wopuma pantchito, Area 47

Ndikupatsani moni nonse. Nditapuma pantchito ndinatsegula kadimba kuseri kwa nyumba yathu, chakufupi ndi mtsinje wa Lingadzi, ndipo m'chaka chimodzi chimene ndalima ndaona kuti nyengo iliyonse ili ndi mbala yake. M'dzinja nkhono zinkadya mbande za mpiru usiku, m'mawa n'kungopeza timizere tonyezimira pabedi. Mvula italekeza kunabwera mfuko. Ndinkaona timilu ta dothi latsopano m'mizere ya mbatata, ndipo tsiku lina nditagwira mtengo wa chinangwa umene masamba ake anali atafota, unangozuka wopanda kanthu kunsi. Mu Okutobala apumbwa anajompha tomato aliyense amene anayamba kufiira, kenaka mango atapsa apusi ochokera kumtsinje anayamba kudumpha mpanda mbandakucha.

Tsopano kadzidzi wayamba kutera mumtengo wa mango usiku, ndipo mayi akunyumba akuti mtengowo udulidwe. Mnzanga wina akuti ndingothira mankhwala a makoswe paliponse kuti ndithane ndi zonse nthawi imodzi, koma ndili ndi nkhuku komanso adzukulu awiri amene amasewera pomwepo. Inu amene munayamba kale kulima mumzinda muno, mumatani?

Mayi wa ku Likuni

Bambo, mankhwalawo muwasiye, ndipo mtengowo musaukhudze. Ine ndinathirapo mankhwala a makoswe kuseri kwa khola zaka zapitazo, ndipo patadutsa masiku ochepa mphaka wathu anafa chifukwa anadya khoswe amene anali akudzandira pabwalo. Kadzidzi amafanso imfa yomweyo. Ndikudziwa zimene tonse tinauzidwa tili ana zokhudza mbalameyi, ndipo sindikunyoza mayi akunyumba kwanu, koma kadzidzi amatera pamene pali makoswe ndi mbewa, moti akachoka iye mudzaona matumba a chimanga akubooka.

Za mfuko ndiye ndalimbana nazo kwambiri. Kanyamaka kamakhala pansi moyo wake wonse, kamadya mizu ndi zonse zobereka pansi, ndipo kamakumba kwambiri pamene dothi lili lofewa. N'chifukwa chake kamakonda madimba athu othirira pamene kwina konse kwauma gwa. Mukapeza mulu watsopano, umene dothi lake likadali lonyowa, fukulani mpaka muone una, muusiye wotsegula ndipo mudikire chapatali muli chete ndi khasu m'manja. Mfuko sufuna kuti mphepo ilowe m'njira yake, choncho umabwera kudzatseka, ukukankha dothi. Pamenepo mumatema kumbuyo kwake kuti usabwerere. Pamafunika kuleza mtima, ndipo muchenjere ndi mano ake akutsogolo, chifukwa amaluma zedi. Anyamata akwathu kuno amachita kulimbirana ntchito imeneyi poti mfuko ndi ndiwo. Mukatero, bzalani ombwe m'mphepete mwa dimba. Kwa ine chibzalire ombwe timilu tija tinachepa.

Mlangizi wakale, Area 25

Ndikugwirizana ndi mayi a ku Likuni, koma ndiwonjezere kuti mbali ina ya vuto lanu, achikulire, ndi kalendala. Kuno ku Lilongwe masamba monga mpiru, repu, chayinizi ndi kabichi amakondwa kuyambira Epulo mpaka Ogasiti, pamene kunja kukuzizira ndipo nkhono zabisala. M'dzinja musadzivutitse nawo. Imeneyo ndi nyengo ya nkhwani, bonongwe, chisoso, luni ndi therere, zimene zina mwa izo zimamera zokha ndipo zimakula mofulumira kuposa mmene nkhono zingadyere. Zotsala mumafutsa kuti mudzadye mfutso m'chilimwe. Tomato wa m'dzinja amagwidwa chiwawu, pamene wa m'miyezi yotentha amavutika ndi akangaude ofiira amene amabisala kunsi kwa masamba. Ngati mukufunabe mpiru mvula ikugwa, tulukani ndi tochi usiku mutole nkhonozo ndi manja, chifukwa phulusa limene ambiri amawaza limatha mphamvu likangonyowa.

Apumbwa musawade kwambiri. Mu Okutobala madzi amasowa, ndipo nthawi zambiri mbalame ikajompha tomato imakhala ikufunanso madzi. Ikani mbale yakale ya madzi pamthunzi, patali pang'ono ndi mabedi, muziisintha madziwo pafupipafupi kuti udzudzu usaswane, ndipo tomato muzithyola akangoyamba kusintha mtundu kuti akapsere m'nyumba. Mbalame zomwezo zimatola mbozi. Amene tinaona mmene ntchemberezandonda zinasakazira chimanga, mpaka boma kulengeza mu Disembala 2017 kuti maboma 20 mwa 28 agwa m'ngozi, tinaphunzira kulemekeza chilichonse chodya mbozi. Alimi ena amathira msuzi wa usipa pamtima pa chimanga kuti nyerere zibwere zidzagwire mbozizo. Achule, abuluzi, gulo uja wa mutu wobiriwira amene amagwedeza mutu pakhoma, ngakhale bilimankhwe amene ana amamuthawa, onsewo amadya tizilombo ndipo sakhudza mbewu yanu.

Chimodzi chokha muchenjere nacho: mukaphimbira mabedi ndi udzu wouma kuti chinyontho chisathawe m'chilimwe, muziyamba mwatokosa ndi ndodo musanapise dzanja, chifukwa mphiri imakonda malo otere ndipo sithawa ikamva mapazi a munthu. Adzukuluwo muwauze zimenezi.

Mlimi wa maluwa, Area 18

Pa nkhani ya ombwe ndikusiyana pang'ono ndi mayi a ku Likuni. Ine ndinabzala mzere wonse, koma mfuko unadutsa pansi pake n'kukadya anyezi ngati palibe chilichonse, mwina chifukwa mitengoyo inali ikadali yaing'ono. Ubwino wake umene ndauona ndi maso ndi wa masamba: mukawasinja, n'kuwaviika m'madzi usiku wonse, madziwo amapha nsabwe za pa repu. Koma poti muli pafupi ndi Lingadzi, musakatsukire ndowa yake kumtsinje, chifukwa ombwe amapha nsomba.

Apusi ndiwo alibe mankhwala. Ndi ochenjera, amazolowera msanga chiopsezo chilichonse chimene mungaimike, ndipo saopa ana ngati mmene amaopera munthu wamkulu. Chachikulu n'chakuti pasapezeke wowaponyera chakudya, ngakhale makoko a nthochi, ndipo dzala la zinyalala likhale lovindikira. Mango muzithyola akangokhwima. Mukaona pusi wovulala kapena womangidwa chingwe m'chiuno, amene mwina anathawa kwa munthu amene ankamuweta, musalimbane naye nokha. Dziwitsani a Lilongwe Wildlife Centre, amene ali m'mphepete mwa mtsinje womwewo ndipo ntchito yawo ndi yosamalira nyama zotere.

Wopuma pantchito, Area 47

Zikomo kwambiri nonse. Dzulo ndinafukula mulu umodzi monga munanenera, mayi, ndipo ndinakhala pachitsa pafupifupi ola lathunthu. Dothi linayambadi kusuntha, koma ndinatema mochedwa, moti ndinangodula mbatata yanga yomwe, adzukulu akuseka pakhonde. Ndiyesanso Loweruka. Mbale ya madzi ndaika pansi pa mtengo wa gwafa, ndipo pofika masana panali patatera apumbwa atatu ndi timpheta tambirimbiri.

Za kadzidzi sitinamalize kukambirana. Ndinawawerengera mayi akunyumba zimene mwalemba, ndipo nditawaonetsa timibulu ta ubweya ndi tizifupa ta mbewa timene mbalameyo imalavula pansi pa mtengo, anangoti mtengowo ukhale kaye mpaka mango a chaka chino atatha.