CRF230F ikuzima pamtunda wa miyala, mwini wake akufuna ekizozi yaikulu

Wagaraja:
Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Ndalandira njinga yamoto ya Honda CRF230F ya mnyamata amene wangoyamba kumene kukwera m'tinjira tam'tchire. Dandaulo lake ndi limodzi: akafika pamtunda wa miyala, pofunika kuyenda pang'onopang'ono, injini imazima, iye n'kugwa nayo. Leva ya klatchi wathyola kale, ndipo kunsi kwa injini kuli zipsera za miyala. Iye akuti njingayo ndi yofooka, ndiye akufuna ndimuikire ekizozi yaikulu ndi kutsegula bokosi la fyuluta. Ine mtima ukukana. Pamsewu ikuthamanga bwinobwino m'magiya onse 6. Zonse ndi zakufakitale, sipuloketi yakutsogolo mano 13, yakumbuyo 50. Akuti inakhalitsa osayenda asanaigule. Ndiyambire pati?

Mkulu wa Sipanala:
Achimwene, ekizoziyo isiyeni kaye. Mawu akuti inakhalitsa osayenda ndiwo andigwira. Petulo akagonera m'kabuleta amasiya utomoni, ndipo choyamba kutsekeka ndi pilot jet, kachitsulo ka m'kabuletamo kodutsamo petulo, chifukwa bowo lake ndi laling'ono zedi. Jet imeneyi ndi imene imadyetsa injini pa silo (ikamalira yokha osapotoza mafuta) ndiponso munthu akangopotoza mafuta pang'ono. Mukatsegula kwambiri, ntchito imapita kwa singano ya m'kabuleta ndi jet yaikulu yotchedwa main jet, n'chifukwa chake pamsewu simukuona vuto. Mnyamatayo akuzimira pamalo enieni pamene pilot jet ikulamulira.

Yesani izi musanamasule chilichonse. Lizani injini itenthe bwino, muzimitse tchoko, ndiye mupotoze mafuta mwadzidzidzi kuchokera pa silo. Ikachita ngati ikutsamwa, bwerezaninso mutakoka tchoko pang'ono. Ikayankha bwino ndi tchoko, dziwani kuti pansipo ikulandira mpweya wambiri, petulo wochepa.

Wagaraja:
Ndayesa, bambo. Popanda tchoko ikuti "bwoo" kenaka n'kudzuka mochedwa. Ndi tchoko pang'ono ikuyankha msanga. Ndikasiya mafuta ikuphulikanso kuekizozi.

Mkulu wa Sipanala:
Ndi zomwezo. Tsitsani kabuleta, muchotse pilot jet, muiloze kukuwala. Bowolo lizioneka lozungulira, osati kadontho ka kuwala kokhala pambali. Musaitokose ndi waya wachitsulo, mukulitsa bowo osadziwa. Inyikeni m'mankhwala otsukira kabuleta n'kuipopera mpweya, ndipo ikakanika ingoikani yatsopano. Tinjira tam'kati mwa kabuleta tipopereninso. Mukabwezera, sinthani sikuluwu ya mafuta injini ili yotentha: kuimasula kumaonjezera petulo. Ikafuna kumasulidwa kupitirira kuzungulira katatu kuti ilire bwino, pamenepo ndi pokweza pilot jet ndi saizi imodzi. Silo ikhale cha m'ma 1,400 rpm (kuzungulira kwa injini pa mphindi). Onaninso mphira wa pakati pa kabuleta ndi injini, ukang'aluka umaba mpweya ndipo zizindikiro zake n'zofanana.

Mavalavu muyeze injini itazizira, onse awiri ndi 0.10 mm. Akathina nawonso amazimitsa njinga pa silo.

Kunena za ekizozi ndi bokosi la fyuluta: njinga ikusowa kale petulo pansi, inu mukaonjezera mpweya ndiye kuti mwakulitsa vuto lomwelo. Injini yoziziritsidwa ndi mpweya ikamayenda pang'onopang'ono pamtunda imatentha kale, tsono ikasowanso petulo imatentha koposa.

Wamatcheni:
Ndikugwirizana ndi akulu, koma magiya musawaiwale. 50 kugawa ndi 13 ndi 3.85. Mukaika ya mano 12 kutsogolo zimakhala 4.17, kusintha kwa pafupifupi 8 peresenti. Giya yoyamba imakwawa, munthu amapeza mpata woona poponda tayala popanda kuseweretsa klatchi kwambiri. Tcheni chomwecho chimakwana, mumangobweza tayala m'mbuyo. Kwa ophunzira ine ndimachita zimenezi kawirikawiri.

Mayi Makaniko:
Achimwene a matcheni, pa 12 ndikusiyana nanu. Sipuloketi yaing'ono imapinda tcheni kwambiri, ndipo tchenicho chimatsikira pa mphira wa pa swingarm (chitsulo chogwira tayala lakumbuyo) n'kuudya msanga. Wophunzira sayang'ana mphira umenewo, adzazindikira tcheni chitayamba kupala chitsulo. Ine ndikadasiya 13 n'kuika 52 kumbuyo. Zimapereka 4.0, theka la kusintha kwanuko, ndipo kwa njinga iyi, imene giya yake yoyamba ndi yaifupi kale, n'zokwanira. Kuipa kwake n'koti tcheni mwina chifuna kuonjezera. Koma ndikufunseni a Wagaraja, tcheni chilipocho chili bwanji? Ngati chatha, musaike sipuloketi yatsopano pa tcheni chakale, mano atha posachedwa. Sinthani zonse zitatu pamodzi, tcheni ndi masipuloketi awiri.

Komabe langizo langa lenileni ndi loti musasinthe magiya tsiku limodzi ndi kabuleta. Konzani chimodzi, akayese, abwere adzanene. Mukasintha zonse nthawi imodzi simudziwa chimene chathandiza.

Wamatcheni:
Za mphirazo n'zoona, mayi. Ine ndimauonetsa kwa mwini njinga kuti aziuyang'ana akamatsuka. Koma zoti ayambe wayesa kabuleta yokha ndavomera.

Wamashoko:
Palibe amene wafunsa msinkhu wa mnyamatayo. Akakhala pachishalo, mapazi akufika pansi? Ambiri amagwa osati chifukwa injini yazima, koma chifukwa itazima phazi lasowa poponda.

Wagaraja:
Ndi wamfupi ndithu komanso wopepuka. Akufika ndi zala za phazi limodzi, atapendeketsa njinga.

Wamashoko:
Ndiye yezani mmene njinga ikutsikira iye akakwera. Ikwezeni tayala lakumbuyo lilendewere, muyeze kuchokera pa ekiselo kufika pa malo amodzi a madigadi, ikani chizindikiro ndi tepi. Kenaka itsitseni, akwere atavala zonse zimene amavala m'tchire, wina agwire njinga, muyezenso. Kusiyana kwake kukhale pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ulendo wonse wa shoko, pa njinga iyi ndi cha m'ma 75 mm. Kwa munthu wopepuka mupeza kuti ikutsika pang'ono chabe, ndiye masulani sipiling'i. Apo yekha apeza pansi pafupi, ndipo tayala lakumbuyo lizigwira miyala m'malo modumphadumpha.

Ngati sizikwana, sengani siponji ya chishalo musanaganize za lowering link (chitsulo chotsitsira njinga kumbuyo). Link imatsitsa injini kufupi ndi miyala, ndipo mukatsitsa kumbuyo kokha chiwongolero chimalemera, muyenera kukwezanso mafoloko m'zogwirira zake kuti njinga ikhale yolingana. Sitandi nayo imakhala ngati yatalika, njinga n'kumaima chilili moti mphepo ingathe kuigwetsa.

Mayi Makaniko:
Matayala muli mpweya wochuluka bwanji? Ambiri amapopa ngati akupita pa tala.

Wagaraja:
Ndapeza 26 psi kumbuyo, 24 kutsogolo.

Mayi Makaniko:
Eee, pamenepo tayala likungoterereka pamwamba pa mwala. Tsitsani afike 13 kapena 14, pamiyala yakuthwa 15. Koma onani kaye ngati rim lock (chopanira tayala ku limu) ilipo ndipo ndi yomanga, apo ayi tayala lizungulira pa limu n'kuzula valavu ya chubu. Kanati ka pavalavu musakamange mpaka pa limu, kasiyeni kumtunda kuti valavu ikayamba kupendekeka muione isanang'ambike. Machubu okhuthala amathandiza kuti mwala usatsine. Ndalama imene amafuna kugulira ekizozi ipite ku zoteteza manja zokhala ndi chitsulo mkati ndi chimbale chotchinga kunsi kwa injini. Zomangira maleva musazithinitse kwambiri, njinga ikagwa leva izitembenuka pa chiwongolero m'malo mothyoka. Ndipo kasefa kotchinga moto kamene kali m'ekizozi yakufakitale kasachoke, m'tchire louma kamateteza udzu.

Wophunzitsa Kukwera:
Zonsezi n'zabwino, koma njinga mukaikonza mumupatseko mnyamatayo mphindi zochepa pabwalo. Ophunzira ambiri amayesa klatchi ndi yonyamukira ndi kusinthira giya basi, akangonyamuka dzanja lonse lili pa chogwirira. Mwala ukagwira tayala, injini imatsika, iwo n'kuchedwa kukoka. Muphunzitseni kusiya chala chimodzi kapena ziwiri pa leva nthawi zonse. Ayende mu giya yoyamba pa liwiro la munthu woyenda pansi, mafuta osasinthasintha, liwiro azilichepetsa ndi klatchi ndi buleki yakumbuyo. Akazolowera, azungulire mokhotakhota ataimirira pa zopondera, maso kutsogolo kumene akupita, osati pa madigadi. Maleva muwapendeketse pansi pang'ono kuti akaimirira dzanja lisapindike. Kebulo ya klatchi ithireni oyilo, ikakhala yolimba chala chimatopa msanga ndipo amabwerera ku chizolowezi chakale.

Pamtunda azisankha giya ali pansi, chifuwa chipite kutsogolo. Ikazima, agwire mabuleki onse, asiye njinga mu giya, atsikire mbali yakumtunda. Ili ndi sitata, safunika kulimbana ndi kiki pamalo otsetsereka.

Wagaraja:
Ndabweranso, akuluakulu. Pilot jet inali yotsekeka theka ndi zobiriwira, ndaika yatsopano ya saizi yomweyo. Sikuluwu yakhazikika isanafike katatu, ndiye sindinakweze jet. Valavu ya ekizozi inali yothina pang'ono, ndaibwezera pa 0.10. Fyuluta ya siponji inali youma gwa, ndaichapa n'kuipaka oyilo wake. Shoko imatsika 50 mm yokha, pano ili pa 75, ndipo akufika ndi theka la phazi. Matayala ali pa 14, rim lock yakumbuyo inali yomasuka. Magiya sindinakhudze. Wapita pamtunda wake womwewo, akuti wakwera osazima, koma akudandaula kuti pokhota pothina njinga ikumuthamangira.

Mayi Makaniko:
Kumuthamangirako mwina ndi chala chimene sichinazolowere. Apitirize za pabwalo zija kwa masabata angapo. Akabwera akunenabe zomwezo, ikani 52.

Wamatcheni:
Mukamaika muyeze kulendewera kwa tcheni pamalo angapo mukuzungulitsa tayala, mukonzere pamalo othina kwambiri. Ndipo popeza shoko mwaifewetsa, onaninso iye atakhalapo kuti tchenicho sichikukokeka.