Ofufuza za zakudya anabwera kwathu, amayi anawanamiza

MwanaWaKuKapata: Anzanga ndithandizeni maganizo. Sabata yatha kunabwera atsikana awiri ndi tabuleti kumudzi kwathu cha ku Chiparamba kufupi ndi Chipata, kufunsa amayi zonse zomwe anadya dzulo lake kuyambira m'mawa mpaka pogona, anawapima sikelo, msinkhu, BP, kenaka mafunso a fodya, mowa, maola ogona. Manje chondiseketsa nchakuti amayi anati anadya nkhuku ndi mpunga pomwe ine ndinalipo, inali nsima ya mgaiwa ndi mbewa ziwiri ndi therere, akuti "sindingachite manyazi pamaso pa ana a sukulu". Ndiye ngati aliyense ayankha chonchi kafukufuku wotere atuluka ndi chiyani? Komanso atate anawapeza ndi BP chaka chatha pomwe sadya vya mtauni, ndiye zoti chakudya ndiye chimadwalitsa nzoona?

Nasi_Katete: Kkkk amayi anu sali okha, ku kiliniki timazimva daily, munthu shuga ili pamwamba koma akulumbira kuti tiyi amamwa wopanda kanthu. Ofufuza amadziwa kuti anthu amabisa ndipo ena amaiwala chabe, nchifukwa amafunsa anthu masauzande komanso zina amachita kupima. Mu 2017 boma ndi WHO anachita kafukufuku wa matenda ngati BP ndi shuga wotchedwa STEPS Zambia yonse, mchere anayeza mumkodzo, sanadalire pakamwa pa munthu. Anapeza kuti timadya mchere pafupifupi magalamu 9.5 patsiku pomwe WHO imati usafike 5, kasupuni kamodzi ka tiyi, ndipo wamkulu mmodzi mwa 5 alionse BP inali yokwera. Atate anuwo muwayang'ane pakudya, ngati amathira mchere m'mbale asanalawe nkomwe, onjezani kapenta wouma ndi soda wa mu therere. Zakumudzi nazo mchere ulimo.

Jere wa njinga: Ine nsima ndimadya mitanda isanu masana ndipo mimba ndilibe, chifukwa tsiku lonse ndimapalasa ndi makasitomala kuchoka Saturday Market kukwera mitunda yonse ija. Mlamu wanga amadya mitanda iwiri chabe koma ndi galimoto, ofesi, TV, pano ali pa mapilisi a shuga. Musanamizire nsima.

Nasi_Katete: A Jere mwakhudza penipeni pomwe pamavuta ofufuza. Amene amagula ufa woyera wa bulekifasiti m'malo mwa mgaiwa nthawi zambiri ndi yemweyo ali ndi ndalama ya softi, soseji, machipisi osambira m'mafuta, ndipo sayenda pansi, ndiye akadwala uloze chiti? Nchifukwa chake anafunsa amayi aja za fodya ndi tulo, kuti poŵerengera asiyanitse. Koma inunso kapimitseni BP, kuonda si chiphaso.

AmakeTaonga: Ine chimandiwawa ndi cha ana. Kafukufuku wa 2018 anati ana 35 mwa 100 osafika zaka 5 mu Zambia ndi opinimbira, pomwe kuno nshawa, soya, nyemba timalima tokha koma zonse timagulitsa kwa mavenda mu June, mwana nkumamwa phala loyera la mchere mpaka mvula. Ndinayamba kusunga thumba limodzi la nshawa la nsinjiro, apongozi ankati ndikuwononga ndalama, pano ndi omwe amasankha zachuku nkutaya.

MwanaWaKuKapata: Zikomo nonse. Za mchere a nasi mwalasa, atate amakhala ndi kambale kawokawo pambali. Loweruka ndikupita kumudzi, ndikaone ngati kangasowe osayambitsa nkhondo.