Ndapeza yankho pa zija ndinafunsa za ndalama za msipu

Paja ndinafunsa ngati munthu woweta ng'ombe kuno ku America pa malo obwereka angalandire nawo ndalama za boma msipu ukauma ndi chilala. Ndapita ku ofesi ya Farm Service Agency, nthambi ya boma yothandiza alimi, ndipo yankho ndi loti eya, bola ng'ombezo zikhale zako kapena zili m'manja mwako, komanso usonyeze pepala la lendi ndipo malowo ukhale unawalembetsa kale kuti ndi odyetsera ziweto.

Pulogalamuyo dzina lake ndi Livestock Forage Disaster Program, ndipo chomwe chandidabwitsa nchoti sabwera kudzaona udzu wako ayi, amangoyang'ana mapu a US Drought Monitor, osonyeza kukula kwa chilala, kuti dera lanu lafika pati, likangofika pa D3 (chilala chachikulu kwambiri) nthawi yodyetsera amalipira miyezi 3, likakhala pa D4 (chilala choipitsitsa) masabata 4 ndiye miyezi 5. Koma musaganize kuti akubwezerani zonse, ndi 60 peresenti chabe ya mtengo wa chakudya cha pamwezi, ine zinandiwawa ndithu poti udzu wogula wandidyera ndalama zambiri chaka chino.

Amene munandiuza kuti ndisunge mapepala a chiwerengero cha ng'ombe, zikomo kwambiri, anandifunsadi. Fomu yake ndi CCC-853, ndasayina kale.