Ma PS3 a mlamu wanga angagwire ntchito ngati seva? Ndithandizeni

Wobisa dzina: Akuluakulu, mutu wanga sukugwira. Ndili chaka chomaliza ku yunivesite ndipo pulojekiti yanga ikufuna cluster, makompyuta angapo ogawana ntchito imodzi. Seva sindingaikwanitse. Labu amatseka dzuwa likadalipo, ndipo bambo wosunga makiyi amachita ngati anamanga yekha. Supavaiza ndikamulembera amangowerenga, kuyankha ayi. Tsono mlamu wanga watseka kamalo kake ka magemu kumsika, ma PlayStation 3 okwana 5 akungodya fumbi. Akuti ndiwagule, pomwe iyeyo ngongole yanga ya chaka chatha sanabweze, ndipo achemwali akuti ndisamukumbutse, ndiwathetsera banja. Ndinamva kuti asilikali a ku America anapanga supercomputer ndi ma PS3. Ndi zoona? Ndigule? Ndalama yake ndi ya lendi.

Mdala wa Mawaya: ZOONA ZENIZENI!! Ana a masiku ano simuwerenga. Mu 2010 Air Force Research Laboratory ku Rome, New York, inalumikiza ma PS3 1,760, nkuwapatsa dzina loti Condor Cluster. Inawadyera madola pafupifupi 2 miliyoni basi, ndipo ankaunikira zithunzi za radar. Gula mphwanga, mawa lomwe.

Mlongo wa Linux: Musanagule, ndi aakulu oyamba aja kapena Slim? Firmware yake (pulogalamu yamkati yoyendetsa makinawo) ndi iti? Nanga mukufuna kuwerengetsa chiyani? Linux, imene mungafunike pa cluster, inkalowa kudzera pa OtherOS, njira imene Sony inaika mu PS3 yolowetsera sisitimu ina. Slim inatuluka mu 2009 ilibe zimenezo, ndipo aakuluwo Sony inawachotsera pa 1 Epulo 2010 ndi firmware 3.21. Makina amene ana akhala akusewererapo mpira zaka zonsezi ndikukayika ngati anapulumuka.

Kabwerebwere: Aise, ingonyamulani ma PS3-wo ngati chikole cha ngongole. Cluster yapezeka, banja la achemwali lili bho 😂

Make Mapasa: Ndalama ya lendi mukagulire zidole? Makolo anu akudziwa? Alandilodi akabwera mudzawaonetse gemu.

Mdala wa Mawaya: ZIDOLE?? Mayi, purosesa ya mu PS3, ya Cell, anapanga Sony, Toshiba ndi IBM pamodzi. Gaurav Khanna, ali ku yunivesite ya UMass Dartmouth, anayamba mu 2007, ndipo ndi ma PS3 16 ankawerengetsa za ma black hole. Pulofesa wathunthu ameneyo. Inu munawerengetsapo chiyani kupatula katapila?

Make Mapasa: Mundilemekeze bambo, sindine msinkhu wanu.

Wa ku Joni: Yanga ndinagula ku Johannesburg, yayikulu ija. Magetsi atathima nkubwera mwamphamvu inangoyatsa kagetsi kachikasu, basi zii. Wokonza anaiwotcha ndi chowumitsira tsitsi, inadzuka pang'ono nkufanso. Ndalama sanabweze, foni sayankha mpaka lero. Anthu okonza zinthu muno mtauni Mulungu akuoneni.

Mlongo wa Linux: A Mdala, zomwe mukunenazo zinachitikadi, koma nthawi imeneyo Sony inkagulitsa PS3 moluza, podalira kubweza ndalama pa magemu. Ndiye kunali kutchipako. Lero RAM yake ya 256MB ikuchepa ngakhale pa kafoni ka mmanja. Pa ma SPE (timapurosesa tothandizira) 8 a mu Cell, Linux imapatsidwa 6 okha, GPU (purosesa ya zithunzi) anaitsekera, ndipo pulogalamu muyenera kuilembanso mwapadera kuti ma SPE-wo agwire ntchito. Mukangoika code wamba, ikwawa.

Mdala wa Mawaya: Ulesi basi. Ife tinaphunzira kulemba code popanda intaneti. Mu 2008 akatswiri anathyola MD5, njira ina ya chitetezo cha pa intaneti, ndi ma PS3 200 ku Lausanne. Folding@home, pulojekiti yofufuza za mapuloteni, inadutsa petaflop (masamu 1,000 thililiyoni pa sekondi) mu 2007 chifukwa cha ma PS3 a m'nyumba za anthu. NDANI AKUTSUTSA??

Mlongo wa Linux: Palibe akutsutsa. Tchulaniko ya chaka chino.

Pi Yekha: Raspberry Pi anthuni, kakompyuta kakang'ono kotchipa kaja. Ndakhala ndikunena pagulu pano.

Kabwerebwere: Amwene inu, munthu atafunsa za mankhwala a mutu mudzati Raspberry Pi.

Mjomba wa Sola: Yayikulu ija imadya mawati oyandikira 200 ikamagwira ntchito. Zisanu ndiye pafupifupi kilowati, mayunitsi azitha ngati mukuphikira nyemba. Ndilembereni ku inbox, ndili ndi mainveta abwino.

Mphunzitsi Wopuma: Ngati cholinga ndi kuonetsa kuti makina akugawana ntchito, pezani madesikitopu akale a muofesi atatu, switch imodzi ndi zingwe, muike Ubuntu (mtundu wa Linux) ndi OpenMPI (pulogalamu yothandiza makompyuta kugawana ntchito). Ngakhale ma virtual machine pa laputopu imodzi amatheka. Kaye funsani supavaiza ngati avomera.

Wobisa dzina: Zikomo nonse. Mlamu uja wawona kuti ndili ndi chidwi ndiye wakweza mtengo, akuti mapadi ndigule padera. Achemwali akumuikira kumbuyo. Kwa amene anafunsa mtundu, onse ndi akuda.

Mlongo wa Linux: Achimwene, sindinafunse mtundu umenewo 😭 Onani kumbuyo nambala yoyamba ndi CECH, kenako yatsani mulowe Settings, System Settings, System Information, mutijambulire. Ndipo pulojekitiyo ndi ya chiyani?

Mdala wa Mawaya: Akuda ndiwo enieniwo. GULA.

Wa ku Joni: Mapadiwo akugulitsa zingati? Ndikufuna awiri.